Yin ndi yang sizinadye chenji ya munthu

Mukayang'ana bwino pa magalasi a kumbuyo a minibasi za mu Lusaka, pakati pa mavesi a m'Baibulo, baji ya Arsenal ndi dzina la mwana wa mwini basi, nthawi zina mupezapo kacizindikiro kozungulira, theka lakuda theka loyera, kooneka monga nsomba ziwiri zothamangitsana. M'mbali yakuda muli kadontho koyera, m'mbali yoyera muli kadontho kakuda. Kali pa macheni a m'khosi ogulitsidwa mu Kamwala, kali pa masikipa a salaula, ena anacita kukalembetsa pa mkono. Dzina lake ndi yin ndi yang, ndipo kwao ndi ku China.

Anyamata amene amakavala ali ndi kamasuliridwe kao. Mukawafunsa akuti: "Mdala, moyo ni kubalansa. Kulibe cabwino copanda coipa, vonse vifunika." Amai a ku chalichi nao ali ndi kao. Akakaona pa khosi pa mwana wao akuti: "Cotsa ico iwe, ni va usatana. Ufuna kuika Mulungu na Satana pa sikelo imodzi?" Ndamvapo mkangano wotere kangapo, m'basi ndi mu babashopu, ndipo mbali ziwirizi zigwirizana pa cinthu cimodzi osazindikira. Zonse zikhulupirira kuti cakuda ndi ucimo, coyera ndi cilungamo, ndipo kuti anthu a kum'mawa aphunzitsa kuti ziwirizi zikhale zolingana. Ndikati kum'mawa sindinena kwa Chipata kapena Petauke, abale anga musandikwiyire, ndinena China ndi maiko oyandikana nayo.

Nkhawa ya amai aja si yoseka nayo. Ngati zoipa zifunika kuti dziko liyende bwino, ndiye kuti wocita zoipa akutumikira dziko. Kondakita amene wakuuzani kuti "nizakupasani chenji kutsogolo" mpaka mwatsika pa Chelstone osaiona K5 yanu sangakhale ndi mlandu, wangodzaza mbali yakuda. Wogwirira mwana naye angayankhe cimodzimodzi. Ciphunzitso cotere, kulikonse kumene cingacokere, cingaononge mudzi m'caka cimodzi. Koma ine ndikuti kacizindikiro aka sikanena zimenezo. Cinthu cimene amai akuopa cilipodi, koma sicinabwere m'kontena kucoka ku Guangzhou. Cili ndi reji yofiira, ndipo tikwera naco tsiku lililonse.

Tiyambire pa mau enieniwo. M'cinenero cakale ca ku China, yin inali mbali ya phiri kumene kuli mthunzi, yang inali mbali kumene kuomba dzuwa. Mpaka lero maina a mizinda ina asunga tanthauzo limenelo. Luoyang, umodzi wa malikulu akale a dzikolo, unapatsidwa dzina limeneli cifukwa uli kumpoto kwa mtsinje wa Luo, ku gombe lolandira dzuwa. Kucoka pa phiri mauwa anakula. Yin inakhala usiku, kuzizira, madzi ndi kupumula. Yang inakhala usana, kutentha, moto ndi kuyendayenda.

Okwera minibasi ndi akatswiri pa nkhani imeneyi olo sadziwa. Mu Okutobala, basi ikaima pa Kulima Tower kuyembekezera kudzala, aliyense alimbirana mbali ya mthunzi, ndipo wocedwa akhala ku windo ya dzuwa n'kudziphimba ndi citenje kapena envulopu ya makalata ofunsira nchito. Mu Juni m'mawa, munthu yemweyo athamangira windo ya dzuwa ija kuti zala zimasuke. Palibe amene anganene kuti mpando wa kudzuwa ndi wocimwa, wa kumthunzi ndi wopulumutsidwa. Ndipo basi ikazungulira pa Kafue Roundabout, amene anali pamthunzi apezeka padzuwa. Ndiye cifukwa cake mzere wa pakati pa kacizindikiro kaja ndi wokhota, ndiye nchito ya timadontho tiwiri tija. Tikumbutsa kuti usana ukafika pacimake wayamba kale kupita ku usiku.

Kubalansa kumene kukunenedwa apa ndi kwa zinthu zimene zonse ziwiri ndi zofunika, koma zikapitirira muyezo zipweteka. Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zimenezi popanda buku. Mu Januwale, madzi atasefukitsa zimbudzi m'makomboni, Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolera. Kumapeto kwa Febuluwale boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, kenaka madzi anatsika ku Kariba, malaiti n'kukhala mlendo wobwera usiku. Madzi ocuruka anapha, madzi ocepa anasaukitsa, koma madzi si mfiti. Makolo athu anali nayo nzeru yomweyi pamene anati walira mvula walira matope. Ndipo amene munakulira ku mudzi kwa Acewa mudziwa nkhani ya "kutentha" ndi "kuzizira", kuti wotentha asanyamule khanda lozizira kuopa mdulo. Wotenthayo sanali munthu woipa. Cimene anali kuopa ndi kusakaniza ziwirizi pa nthawi yolakwika. Sing'anga wa mankhwala a ku China, amene aona matenda monga kusokonezeka kwa yin ndi yang m'thupi, angamvane bwino ndi ambuye anu pa mfundo imeneyi.

Vuto lina ndi liu lathu lakuti "zoipa". Tilisenzetsa katundu wambiri. Mvula ikakana tikuti zinthu zaipa. Unga ukakwera mtengo tikuti zaipa. Munthu akaba foni pa City Market tikutinso wacita zoipa. Koma cilala si munthu, sicinasankhe, simungacitengere ku polisi. Wakuba foni anasankha. Mnyamata wa cheni pa khosi atenga nzeru yoona yonena za mvula ndi dzuwa, yakuti moyo uli ndi nyengo zowawa ndi zokoma, n'kuisamutsira pa zocita za anthu. Pamenepo ndi pamene basi yalowa m'ngalande.

Nanga ganizo lakuti ubwino ndi kuipa ndi mphamvu ziwiri zoyang'anizana licoka kuti? Mseu wake upita ku Persia, kumene lero ndi Iran. Cipembedzo ca Zoroaster cinaphunzitsa za Ahura Mazda, mwini kuwala, ndi mdani wake Angra Mainyu. Koma ngakhale kumeneko nkhani si kubalansa. Ndi nkhondo, munthu ayenera kusankha mbali, ndipo pamapeto ubwino upambana. Pambuyo pake kunabwera mneneri Mani, wobadwa mu 216, amene anati kuwala ndi mdima ndi maufumu awiri osalengedwa ndipo anasakanizika m'dziko ndi m'thupi la munthu. Ciphunzitso cake cinafika ku Africa ya kumpoto n'kukopa mnyamata wina wanzeru, Augustine, wobadwa mu 354 m'dziko limene lero ndi Algeria. Anacitsatira zaka pafupifupi 9. Iye mwini anavomera pambuyo pake kuti cinamukomera cifukwa cinamulola kuganiza kuti wocimwa si iye, ndi mdima wina wokhala mkati mwake. Atakhala bishopu wa ku Hippo anaphunzitsa zina, kuti kuipa si cinthu coima pacokha, ndi kusowa kwa ubwino pamene unayenera kukhalapo. Ine ndimacimva motere: dzenje la pa mseu si mtundu wina wa tara, ndi pamalo pamene tara yacoka. Palibe injiniya amene anganene kuti mseu wabwino ufunika theka tara theka maenje.

Zotsala zinabwera ndi mafilimu. Ambiri a ife tinakaonera koyamba kacizindikiro aka m'mavidiyo a kung fu, ndipo Bruce Lee anakaika pa baji ya kamenyedwe kake. Kenaka mu 1999 filimu ya Star Wars ya George Lucas inadza ndi nkhani ya mwana wolonjezedwa wodzabalansa mphamvu ya cilengedwe, m'nthano yodzala ndi mbali ya kuwala ndi mbali ya mdima. Imeneyo inapangidwa ndi anthu a ku America. Pamene zinafika pa TikTok, Persia, China ndi Hollywood zinali zitaphikidwa kale mumphika umodzi. Ku South Korea kacizindikiro komweka kali pakati pa mbendera ya dziko, kofiira ndi kabuluu, ndipo Akhristu mamiliyoni a kumeneko aimirira patsogolo pake popanda kuganiza za Satana.

Aphunzitsi enieni a ku China anali olimba pa makhalidwe kuposa mmene anyamata athu angakondere. Mencius, amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anapereka citsanzo ca kamwana kamene kali pafupi kugwera m'citsime. Aliyense wokaona mtima umudumpha, asanaganize za mphotho kapena za mmene anthu adzamutamandira. Kwa iye imeneyo ndiye mbeu ya umunthu, ndipo wosakhala nayo wasiya kukhala munthu. Ikani kamwanako pa Lumumba Road nthawi ya m'mawa, mumva zimene anali kunena. Sananene kuti ana ena azigwera kuti ciwerengero cilingane. Otsatira Buddha nao ali ndi malamulo asanu a munthu wamba: osapha, osaba, osacita ciwerewere, osanama, osaledzera. Njira ya pakati imene Buddha anaphunzitsa ili pakati pa kudzisangalatsa mopambanitsa ndi kudzizunza ndi njala. Si njira yakuti uzinama masiku atatu pa sabata.

Apa ndiyenera kupatsa amai aja zao, cifukwa si zonse zoyera. Panali katswiri wina wa m'nthawi ya ufumu wa Han, Dong Zhongshu, zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, amene analowetsadi yin ndi yang m'nkhani za makhalidwe. Anati cifundo ca munthu cigwirizana ndi yang, umbombo ndi yin, ndipo umbombowo uyenera kumangidwa. Onani kuti ngakhale iye sanati zilingane. Koma anapitiriza kunena kuti mfumu ndi yang, wolamulidwa ndi yin, mwamuna ndi yang, mkazi ndi yin, ndipo wa yin akhale pansi. Maganizo amenewo anathandiza kupondereza akazi zaka mazana ambiri. Ngati mufuna mlandu weniweni wa yin ndi yang, ndi umenewo, ndipo sindimva munthu akuuchula m'basi. Panalinso Zhuangzi, amene anakonda kuseka akatswiri okangana za colondola ndi colakwa. Iye anali kulasa atsogoleri obisa kuba kwao m'mau okoma a cilungamo, koma munthu waulesi angatolemo cilolezo cakuti zonse ndi cimodzimodzi. Waulesi yemweyo angatolenso cilolezo m'buku la Mlaliki.

Cimene cinandikhalitsa pansi ndi cina. M'nthawi ya ufumu wa Ming kunafala timabuku towerengera zabwino ndi zolakwa. Madzulo aliwonse munthu anali kulemba zimene wacita tsikulo, ciliconse ndi mapointi ake. Kupulumutsa moyo kunali ndi mapointi ambiri, kunyoza mnzako kunacotsa ocepa, ndipo pakutha pa mwezi anali kucotsera n'kuona zotsala, monga mmene amai a kantemba atsekera buku la nkhongole. Amene anachukitsa njira imeneyi ndi Yuan Huang, wobadwa mu 1533, amene analumbira kucita zabwino 3,000 kuti apambane mayeso a boma, kenaka zina 3,000 kuti abale mwana wamwamuna. Anthu ambiri anathandizidwa ndi zabwino zimenezo, sitikana. Koma akatswiri anzake a ku China komweko anaona msanga pamene padonthera. Liu Zongzhou anati uku ndi kucita malonda ndi kumwamba, ndipo analemba buku lake lolembamo zolakwa zokhazokha, lopanda malo odziikira mapointi. Ku Ulaya nako Martin Luther mu 1517 anali kulimbana ndi malonda a makalata a cikhululukiro. Maiko awiri otalikirana, matenda amodzi.

Matenda amenewa ndiye ali ndi reji yofiira aja. Kwathu kuno kabuku ka mapointi sitilemba pa pepala, kali m'mutu. Ba dalaiva ayamba tsiku ndi pemphero, wailesi iimba nyimbo za uthenga wabwino, gogo wina akwera ulere kucoka pa Mtendere mpaka pa cipatala. Mapointi alowa. Madzulo, dalaiva yemweyo adutsa kumbali kwa mseu kumene kuyenda ana a sukulu, kondakita apanikiza munthu wacisanu pa mpando wa anai, ndipo wina akadandaula ayankhidwa kuti: "Amai, ife tithandiza anthu maningi, simudziwa cabe." Wa mu ofesi amene sadinda pepala lanu popanda "ya drinki" ndi yemwe anagula malata a chalichi ca kwao. Mwini nyumba zobwereketsa amene anakana kukonza cimbudzi mpaka ana a alendi ake anadwala ndi yemwe apereka thumba la unga pa maliro aliwonse. Onsewa sanawerengepo Laozi. Ambiri a iwo akondwera kuti pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba analengeza Zambia kukhala dziko la Cikhristu.

Masamu a kabuku kameneka alakwa pa malo amodzi osavuta kuona. Cabwino cipita kwa munthu wina, coipa cigwera wina. Gogo wokwera ulere si mwana wa sukulu amene walumphira m'ngalande kuthawa basi. Ngati muli ndi nkhongole kwa a Phiri, simungaibweze popatsa a Banda mphatso, olo mphatsoyo ikule bwanji. A Phiri akali kuyembekezera, ndipo akuluakulu anati mlandu suola. Pa nchito yanga ndakhala nthawi zambiri pa benchi ya atolankhani m'khoti ya majisitireti, ndipo kumeneko zinthu ziwirizi azisiyanitsa bwino. Coyamba khoti igamula ngati munthu analakwa. Ikamupeza wolakwa ndi pamene imupatsa mpata wodandaula: ndi mlandu wake woyamba, asunga ana amasiye, aimba kwaya. Zimenezi zingacepetse cilango, ndipo ndi bwino kuti zitero. Koma sindinaonepo majisitireti akunena kuti popeza uimba kwaya ndiye kuti foni sunabe. Anthu a kabuku ka mapointi afuna kuti kudandaula kulowe m'malo mwa ciweruzo.

Ngakhale dziko lathunthu licita masamu omwewa. Pakati pa 1970 ndi 1975 China inatimangira njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, pamene njira ya kumwera inali m'manja mwa boma la Ian Smith ndipo maiko olemera anakana kuthandiza. Anchito a ku China, Tanzania ndi Zambia anafera pa nchitoyo. Imeneyo ndi nkhani yoona ndipo ana athu ayenera kuiphunzira. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kampani ya ku China linagumuka ku Chambishi, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo Kitwe inatsekeredwa madzi. Iyinso ndi nkhani yoona. Wina akati tilankhule motsitsa mau cifukwa awa ndi abwenzi a njanji, watsegula kabuku ka mapointi. Mlimi wa m'mbali mwa Mwambashi sanabwereke njanji kwa munthu. Koma winanso akati "ni mwamene alili, cipembedzo cao cilola voipa", naye wanama. Ana a ku Kabwe akali ndi mtovu m'magazi kucokera ku mgodi umene unayamba m'nthawi ya atsamunda a ku Britain n'kutsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa boma lathu. Pa geti ya mgodi umenewo panalibe yin kapena yang.

Kadontho koyera m'mbali yakuda ndikakonda, ngati tikawerenga mwanzeru. Ng'wang'wazi amene akutukwanani lero angakuthamangireni mawa ndi cikwama cimene mwaiwala pa mpando, ndipo zimenezi zicitika mu tauni muno kuposa mmene tivomerera. Munthu satha ndi cocita cimodzi. Kadontho kakuda m'mbali yoyera nako kali ndi nchito, makamaka kwa ife amene tidziona kuti ndife abwino. Koma kudziwa kuti mwa munthu wabwino muli kaumbombo ndi cifukwa coikira mlonda. Makanika akakuuzani kuti galimoto iliyonse mabuleki ake amatha, akutanthauza kuti muziwayang'ana kawirikawiri. Sakuti muwasiye athe popeza ndiye cilengedwe.

Ndipo pa nkhani ya mabuleki yomweyi, sindifuna kuti katundu yense agwere ba dalaiva ndi ba kondakita. Awiriwa adzuka mdima ali kale ndi nkhongole ya tsikulo: keshing'i ya mwini basi, mafuta, ndalama ya pa siteshoni, ndi ija ya m'manja pa rodibuloko. Zao ziyamba zonsezi zikakwana. Munthu wacisanu pa mpando, liwiro la pa Great East Road ndi chenji yoiwalika dala zibadwira pamenepo. Mwini basi sakwera basi yake. Ndi iye asankha ngati tayala losalala lisinthidwa sabata ino kapena liyendeko mwezi wina, ndipo ndi iye akana kutsitsa keshing'i tsiku limene mvula yatseka mseu wa ku Kanyama. Pa Sondo amuitana kutsogolo n'kumuombera m'manja cifukwa wapereka basi yomweyo ulere kuti inyamule kwaya kupita ku msonkhano ku Kafue, pa matayala omwewo.